Siziba ndi Mphepo ya August

Aliyense wokhala mu Lusaka adziwa kuti August ndi mwezi wa mphepo. Mzindawu unamangidwa pa dziko lokwezeka, lopanda phiri lalikuru loucinjiriza. Cotero mphepo yocokera kum'mawa imadza ndi pfumbi, niulutsa mipango ya amai ndi zisoti za abambo. M'mwezi umenewu, zaka zingapo zapitazo, kalaliki wina wa Boma wokhala ku Chelstone anaphunzira cinthu cimene sanaciphunzire pa sukulu.

Mnyamatayu anali Mlozi wobadwira m'tauni, ndipo anakwatira mkazi wa Cicewa wa ku Katete. Mpingo wao unakonza perete wa mitundu yonse, kuti munthu aliyense ayende atabvala cobvala ca kwao, kucokera ku Kabwata, kutsata mseu wa Burma, kulinga ku Woodlands. Iye anasankhidwa kunyamula mbendera patsogolo. Tsono cobvala ca amuna a Cilozi ndico siziba, nsaru yomanga m'cuuno yolendewera monga siketi, yobvalira pamodzi ndi malaya ndi kajekete kopanda mikono. Mbendera ifuna manja onse awiri. Nanga mphepo ikakweza nsaru, adzaigwira ndi ciani? Coopsa koposa cinali cakuti apongozi ace akazi anali atafika kucokera ku mudzi, nanena kuti adzapita kukaonerera. Kwa Acewa mkamwini amapatuka m'njira akaona apongozi ace. Kuli bwanji kuonetsa nchafu pamaso pao!

Kwa masiku atatu anabvutika mumtima. Anaganiza zonamizira kudwala, koma anacita manyazi ndi akuru a mpingo. Anaganiza zobvala thalauzi, koma anaopa kuti abale ace a Cilozi adzati wakana mtundu wace. Pamapeto pace anatenga siziba yace napita nayo kwa telala wina wokalamba wa ku Kabwata.

"Bambo," anatero mnyamatayo, "ndisokereni nsaruyi pakati kuti ikhale ngati kabudula."

Nkhalambayo inaseka niti, "Mwana wanga, ndikatero siikhalanso siziba. Khala pansi ndikuuze. Ndili mnyamata, dziko lino lisanalandire ufulu, ndinagwira nchito ku Kabulonga kwa Mzungu wa ku Scotland. Caka ndi caka, pa 30 November, tsiku la Andreya Woyera, ankabvala cobvala ca kwao cochedwa kilt, ndipo wosita ndinali ine. Kwao kuli mphepo yoposa yathuyi, koma amuna amayenda naco osaopa."

Telalayo ananena zoona. Kilt ndi cobvala ca amuna a ku mapiri a Scotland, cofika m'maondo. Anthuwo amacikonda kwambiri, makamaka cifukwa Boma la Britain linaciletsa ndi lamulo m'caka ca 1746, ndipo lamulolo linacotsedwa mu 1782. Ena amanena kuti siziba inayamba potsanzira cobvala cimeneci, Mfumu Lewanika atabwera kucokera ku Britain kumene anakaona kulongedwa ufumu kwa Edward VII mu 1902. Kilt yeniyeni imasokedwa ndi nsaru yolemera ya ubweya wa nkhosa, mayadi ngati 8, yopindidwapindidwa kumbuyo, ndipo patsogolo nsaru ziwiri zimasanjikana. Pamwamba pace pamalendewera kathumba ka cikopa kochedwa sporran, kamene kamapanikiza nsaru. M'munsi, ku dzanja lamanja, amabayapo phini wacitsulo wolemera.

"Phini uja," inatero nkhalambayo, "bwana wanga anandikalipira tsiku limene ndinamubaya pa nsaru zonse ziwiri. Amabaya pa yakunja yokha, cifukwa nchito yace ndi kulemetsa, si kumanga ai. Ukamanga zonse ziwiri, munthu satha kutambasula mwendo, ndipo nsaru imang'ambika. Siziba yako ndi ya thonje, yopepuka. Tiipatse kulemera kumene ilibe."

Koma ngakhale kulemera sikukwanira nthawi zonse. Asilikali obvala kilt anali ndi mwambo wosabvala kanthu m'kati. M'caka ca 1997 ku Hong Kong, msilikali wina wa gulu la Black Watch analikutsitsa mbendera, mphepo nikweza kilt yace kumbuyo. Wojambula anali pomwepo, ndipo cithunzico cinaoneka m'manyuzipepala a maiko ambiri. Paja akuru anati cakudza siciyimba ng'oma.

Cotero telalayo anacita zinthu zitatu. Anapinda mpendero wa siziba nasokeramo tizitsulo tating'ono tozungulira, totalikirana ngati cikhato cimodzi. Anakonza lamba kuti agwire zolimba m'cuuno. Potsiriza anamsokera kabudula wakuda wofika pafupi ndi maondo, nati, "Uyu ubvale m'kati. Palibe adzamuona ngati zonse ziyenda bwino, koma mtima wako udzadziwa kuti alipo. Poyenda usadumphe, usatembenuke mwadzidzidzi, ndipo usaweramire pansi."

Tsiku la perete linafika. M'mamawa kunali bata, koma dzuwa litakwera mphepo inauka. Atangopitirira pang'ono mudzi wa amisiri osema wa ku Kabwata, kabvumvulu anadutsa pakati pa mzere. Mwamuna wina kumbuyo anataya ndodo yace kuti agwire nsaru, anthu naseka. Mbendera inakoka kalalikiyo mwamphamvu, siziba yace niyamba kukupiza. Koma mpendero wolemera uja unakwera pang'ono cabe nugwanso. Iye sanayang'ane pansi, ndipo manja ace sanacoke pa mtengo wa mbendera kufikira ku Woodlands.

Madzulo ace apongozi sanalankhule naye, pakuti mwambo sulola, koma anauza mwana wao kuti, "Amuna ako ayenda ngati munthu wamkuru." Mkaziyo anafikitsa mauwo pamodzi ndi nsima.

Inu amene mwangocoka pa sukulu mudzaitanidwa kuyenda m'maperete ambiri, ena mutabvala yunifomu, ena zikopa za Cingoni, ena citenje kapena siziba. Musacite manyazi ndi cobvala ca makolo anu cifukwa ca mphepo, ndiponso musadalire manja anu, pakuti pa mzere manja amakhala ndi nchito yace. Yesani cobvalaco panja dzulo lace, yang'anani mpendero ndi lamba, ndipo mubvale kanthu koyenera m'kati. Kalaliki wa ku Chelstone analipira telala ndalama zocepa, ndipo caka cotsatira ananyamulanso mbendera yomweyo.