Mphekesera za ku Midgar

Kwathu ku Ndirande mphekesera sizisowa. Pampopi amayi amadziwa mtsikana amene waima iye mwini asanadziwe, pabawo abambo amachotsa nduna Pulezidenti asanaganize n'komwe, ndipo m'minibasi aliyense amadziwa osewera amene Bullets igule chaka chamawa. Ine ndi mnzanga wina tidali ndi mphekesera yathuyathu imene tidaisenza zaka zoposa 20. Inkakhudza kampani ina ya ku Tokyo, kumene palibe mmodzi wa ife adapondako. Mwina museka, anzanga, koma ndiloleni ndifotokoze.

Mu 2002 amalume a mnzangayo adabwera kuchokera ku Joni ndi PlayStation yakale, yotuwa ija, pamodzi ndi jumbo la madisiki. Ambiri adali a mpira ndi a nkhonya. Koma m'jumbomo mudalinso madisiki atatu a gemu imodzi, Final Fantasy VII, imene kampani ya Square idatulutsa mu 1997. Magemu a mtundu umenewu amatchedwa RPG. Wosewera amatenga malo a munthu wa m'nkhani, nayenda naye m'mizinda, kufunsa njira, kugula zida ndi mankhwala, ndi kumenya nkhondo modikirana nthawi monga pabawo. Anthu ake sankatulutsa mawu. Zonse zinkalembedwa pagalasi m'Chingerezi. Choncho mnzanga ankagwira padi, ine dikishonale. Tidali mu Fomu 2, ndipo ndikhulupirira kuti Chingerezi chochuluka ndidachiphunzira m'chipinda chimenecho ku Goliyo kusiyana ndi m'kalasi.

Nkhaniyo imayambira mu mzinda wa Midgar. Anthu olemera amakhala pamwamba pa chimbale chachikulu chachitsulo, osauka pansi pake m'zisakasa za malata, kumene dzuwa silifika. Mzinda wonse uli m'manja mwa kampani ya magetsi yotchedwa Shinra, imene ikuyamwa moyo wa nthaka. Ife ana a m'mbali mwa Nasolo, amene tinkakweza maso n'kuona nyumba za mipanda za ku Nyambadwe, sitidafune womasulira pamenepa. Magetsi akazima tili pakati pa nkhondo tisanaseve, tinkangoti Shinra yatipeza.

M'zisakasa za Midgar muli mtsikana wogulitsa maluwa, amene m'gemu yoyambayo ankalembedwa Aeris, ndipo lero amati Aerith. Gemuyo inkalola wosewera kufufuta dzina la munthu ndi kulembapo lina. Mnzanga, mwachibwana chabe, adalembapo dzina la achemwali ake, amene ankagulitsa zitumbuwa pa Chinseu kuti iye apeze fizi. Tsiku lina achemwaliwo adasuzumira pakhomo, naona dzina lawo pagalasi.

"Ndiye mwandisandutsa kachidole kopanda pakamwa?" adatero akuseka. "Maluwa agula ndani mu Ndirande muno? Muuzeni akazinge zitumbuwa."

Sitidadziwe chimene chinkatiyembekezera kumapeto kwa disiki yoyamba. Mtsikanayo atagwada kupemphera, mdani wamkulu Sephiroth amatsika kuchokera kumwamba namubaya ndi lupanga kumsana. Ife sitidade nkhawa msanga, pakuti m'thumba tidali ndi nthenga zambiri za Phoenix, zimene zimadzutsa aliyense wokomoka pankhondo. Tidadikira kuti gemu itipatse mpata wozigwiritsa ntchito. Mpatawo sudabwere. Cloud, mnyamata amene tinkayenda naye, adamunyamula namuika m'madzi, ndipo pagalasi padalembedwa kuti tiike disiki yachiwiri. Mnzanga adazimitsa makinawo. Pa kakhadi kosevera pamakhala malo 15. Malo amodzi adali ndi sevu ya dzulo lake, mtsikanayo adakali moyo. Adandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kusevera pamwamba pake.

Apa ndi pamene mphekesera zidayambira. Mnyamata wina wa ku Chilomoni, amene adali ndi magazini ong'ambika a kunja, adatilumbirira kuti pali njira yomuukitsira. Wina wa ku Zingwangwa adati ukamukweza mphamvu mpaka 99 asanafe, lupanga limaphonya. Winanso adati ku Japan ali ndi disiki ina imene sadaitumize kwa ife. Tidayesa zonse zimene tikadatha. Pambuyo pake ndidadzazindikira kuti ana a ku America ndi ku Ulaya ankauzana mabodza omwewo, ndi kuti njirayo kulibe ndipo sidakhaleko.

Kumayambiriro kwa 2003 achemwali aja adayamba kutsokomola ndi kuwonda. Matendawo masiku amenewo sitinkawatchula dzina pabwalo. Akuluakulu nawonso adali ndi mphekesera zawo: sing'anga wakuti ku Mulanje, m'busa wakuti ku Machinjiri, ufa wakuti wochokera ku Tanzania. Ena ankakumbutsana za 1995, pamene khamu la anthu lidakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe. Achemwali adatisiya mu Juni, chiperoni chitaphimba phiri la Ndirande. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Chaka chimodzi chokha. Gemu ija sitidaimalize limodzi.

Mu 2005, pa chionetsero cha E3 ku Los Angeles, kampaniyo, imene tsopano idali Square Enix itaphatikizana ndi Enix mu 2003, idaonetsa kanema wamfupi wa chiyambi cha Final Fantasy VII atajambulidwa mwatsopano. Adanena poyera kuti akungoonetsa mphamvu za makina atsopano a PlayStation 3, osati kuti akupanganso gemuyo. Koma adamva ndani? Ife tidadzamuona mochedwa m'nyumba ina ya intaneti ku Limbe, tikulipira pa mphindi, kanemayo akuima ndi kuyenda ngati ngolo ya m'matope. Mtsikana wa maluwa uja adatulukira m'kanjira kamdima, tsopano ali ndi pakamwa, ndi maso ophethira. Potuluka mnzanga adandigwira phewa.

"Aise, aipanganso. Ndipo ulendo uno samupha. Amva kulira kwa anthu."

Kuyambira pamenepo tidalowa m'gulu lalikulu la olosera a dziko lonse. Chaka ndi chaka, nyengo ya E3 ikayandikira, wina ankati wamva kwa msuweni wa wogwira ntchito kumeneko. Wina ankawerenga tanthauzo m'kumwetulira kwa Yoshinori Kitase, amene adatsogolera ntchito ya gemu yoyambayo. Mu 2012 mkulu wa kampaniyo, Yoichi Wada, adati sadzaipanganso kufikira atatulutsa Final Fantasy ina yoposa imeneyi. Anthu anzeru adamva kuti wakana. Ife tidamva kuti wavomera, wangoti tidikire. Mu Disembala 2014 ku Las Vegas, mkulu wina wa kampaniyo adakwera pansanja, dzina la gemuyo lidaoneka pagalasi, anthu adakuwa. Kenaka zidadziwika kuti ndi yakale yomwe ija, angoisamutsira pa PlayStation 4. Mnzanga nthawi imeneyo adali ku Johannesburg, akusamalira kapinga ndi maluwa pa nyumba ya mzungu. Adanditumizira uthenga usiku: "Akutiyesa mtima chabe."

Ine ndidali nditapita ku koleji, ndawerenga mabuku, ndipo ndidayamba kudziona wanzeru. Mnzanga atabwerera kumudzi mu 2015, chaka chimene alendo adasakidwanso ku South Africa, adatsegula kanyumba ka magemu ku Bangwe, kumene ana amalipira kuti asewere mpira. Mu Juni chaka chomwecho Square Enix idalengeza ku E3 kuti gemu ija ikupangidwadi mwatsopano. Ndidapita kukamuona, ndipo m'malo mosangalala naye ndidayamba kumuphunzitsa. Ndidati mphamvu ya nkhaniyo ili pa imfayo. Kuti eni ake omwe adanenapo kuti adafuna imfa yodzidzimutsa ndi yosabwezeka monga zimakhalira pamoyo. Kuti akamuukitsa ndiye kuti aipha nkhani. Kuti madzi akatayika saoleka. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, akupukuta padi ndi kansanza.

"Iwe ukutero chifukwa dzina lidali pagalasi lija silidali la kwanu," adatero.

Ndidasowa poponda. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti zimene ndidanena zokhudza nkhaniyo n'zoona, ndipo aliyense wa inu amene adayesapo kupha munthu m'nthano yake akudziwa kuti wowerenga amakunyoza ukamudzutsa patsamba lotsatira. Koma ndidali nditaiwala kuti mphekesera ili ndi ntchito yakeyake. Ine ndinkaiyesa ndi muyeso wa nyuzipepala: ndi yoona kapena yabodza? Mnzanga ankaigwiritsa ntchito monga amayi ake adagwiritsira sing'anga wa ku Mulanje. Ankadziwa bwino lomwe kuti anthu a ku Tokyo sangatsegule manda. Chimene ankafuna ndi malo amodzi pa dziko lapansi pamene mlanduwo udali usanagamulidwe, ndipo kwa zaka 10 kampaniyo, pokhala chete, idamupatsa malowo kwaulere.

Gemu yatsopanoyo idatuluka pa 10 Epulo 2020, patangopita masiku ochepa dziko lathu litapeza odwala oyamba a Covid-19. Ana adachepa m'kanyumba kaja, choncho tidaisewera awiriwiri, tsopano tonse a ndevu. Midgar adali wokongola koopsa, dzimbiri la pa malata likuoneka ngati ungaligwire. Koma anthu ake tsopano ankalankhula ndi mawu enieni, ndipo chifukwa cha chimenecho malo olembapo dzina adachotsedwa. Mtsikanayo adali Aerith basi. Mnzanga adafufuza m'makonzedwe monse, kenaka adangoti, "Alanda." Komanso gemuyo idathera pa malire a Midgar, kutali ndi malo a imfa aja, ndipo idalowetsamo mizukwa yolondera kuti nkhani isapatuke panjira yake yakale. Pamapeto wosewera amaigonjetsa mizukwayo. Mungathe kuganiza zimene olosera adachita nazo zimenezi. Mphekesera idaphukanso ngati bonongwe wa mvula yoyamba, ndipo mu 2022 kampaniyo idanena kuti nkhani yonse idzakhala m'magawo atatu.

Gawo lachiwiri, Final Fantasy VII Rebirth, lidatuluka pa 29 Febuluwale 2024 pa PlayStation 5. Kwacha idali itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makina otere adali maloto kwa mwini kanyumba ka ku Bangwe. Tidagula bandulo, tidakhala pabenchi kuseri, n'kuonera mathero ake pa YouTube, pa foni yosweka galasi. Lupanga lidatsika. Cloud adaoneka ngati walitchinga. Kenaka magazi adaonekabe. Anzake onse ankalira maliro, koma Cloud yekha ankapitiriza kumuona mtsikanayo ndi kulankhula naye ngati palibe chachitika. Ndidayang'ana mnzanga mwakabisira. Sadanene kanthu kwa nthawi yaitali.

Kenaka adalowa m'nyumba natuluka ndi kachitini ka mafuta odzola. M'katimo mudali kakhadi kosevera kaja, kokulungidwa m'kansalu ka chitenje chimene ndidachizindikira. PlayStation yotuwa ija idafa kalekale, ndipo palibe wa ife akudziwa ngati sevu ija ikadalimo. Iye sadafunepo kubwereka makina ena kuti aone. Ndidakagwira m'manja, kopepuka ngati bisiketi, n'kumubwezera.

"Ndiye wati bwanji, aphunzitsi?" adandifunsa. "Wafa kapena ali moyo?"

Mayankho onse a ku koleji adali pamlomo. Ndidamuuza kuti ndamva kuti m'gawo lachitatu adzapezeka wamoyo, ndi kuti amene adandiuza ndi munthu wodziwa zinthu. Sindidamve kwa wina aliyense. Adandiyang'ana, nadziwa, naseka, ndipo adandifunsa kuti munthuyo adati zidzachitika motani. Tidakhala pabenchipo tikukonza njira yake mpaka minibasi zopita ku Limbe zidatsala pang'ono kutha.