Pa Madzi a Lutembwe

Tidatuluka m'Chipata dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, phiri la Kanjala lili mbuu ndi utsi wa lupsa. Pa mtsinje wa Lutembwe, umene damu lake limamwetsa mzinda, tidapeza anyamata ali m'dziwe, malaya atakoleka pa bango. Mmodzi ankasambira chagada, maso kumwamba, mwakachetechete ngati mlamba.

Tidakumbukira Kirsty Coventry wa ku Harare, amene kusambira chagada komweku kudampatsa mendulo ya golide pa mamita 200 ku Athens m'chaka cha 2004, ndiponso ku Beijing mu 2008. Mamendulo ake a Olympics adakwana 7, ndipo mu 2025 adasankhidwa kutsogolera bungwe loyendetsa masewerawo, mayi woyamba pa udindowu. Iyeyo adakulira m'madziwe omangidwa, aphunzitsi ali pambali. Wathuyu adaphunzira kwa akulu ake, m'madzi odekha amene amasunga nkhono za likodzo. Amayi ake akamva, kunyumba kuli mkwapulo, ndipo ife makolo anzawo sitingawadzudzule.

Titamuuza za golideyo, mnyamatayo adaseka, nafunsa ngati ku Athens kuli ng'ona, nadziponyanso m'madzimo.