Za Duwa la ku Brazil pa Khonde Lathu

Abale athu a m'midzi, mwezi uno tifuna kukusimbirani za chinthu chimene sichidyedwa, sichigulidwa pa msika wa kwathu, ndiponso sichichiza nthenda iri yonse. Koma chinatisautsa mtima zaka zitatu ndi miyezi, nichitichititsa manyazi pamaso pa amai a kunyumba kwathu. Chinthucho ndi duwa, dzina lake Cattleya.

Linadza kwa ife chotere. Chakumapeto kwa chaka cha 2017 aphunzitsi ena okalamba, amene anatiphunzitsa kulemba pa sileti tiri ana, anafooka thupi, nafuna kukakhala kwa mwana wao wamkazi ku tauni. Tsiku lotsazikana anatiitanira kuseri kwa nyumba, natipatsa mphika wobenthuka mlomo, m'mene munali chomera cha masamba okhuthala ngati chikopa, nati: "Mwana wanga, ichi ndakhala nacho zaka 20, ndipo ana anga sachiyang'ana. Tenga, koma usachikwirire." Tinalandira ndi manja awiri, koma mau otsirizawo anatipita pambali pa khutu. Iwo anatisiya chaka chotsatira.

Tsono ife, pokhala ana a mlimi, tinaona mphika uja ngati umphawi. Munalibe dothi ndi pang'ono pomwe, koma makala, makungwa ndi zibenthu za njerwa, ndipo mizu yoyera inali kutulukira kunja ngati zala. Tinati mumtima: nkhalamba inalibe mphamvu zokumbira, ife tichitira chomerachi ulemu. Tinatenga ndowa yaikulu, ndi kuidzaza dothi lakuda la kudimba losakaniza ndi manyowa a m'khola, ndi kukwirira mizu yonse bwino lomwe monga tichitira ndi mbande za tomato. Tinachiika pa mthunzi wa mtengo wa mango, nitichithirira m'mawa ndi madzulo.

Isanathe miyezi itatu, timatsinde tonenepa tija ta pansi pa masamba tinayamba makwinya ngati nkhope ya agogo. Ife tinati ndi ludzu, nitionjeza madzi, makwinya naonjezekanso. Pa nyengo ya mwamvu, m'mwezi wa Okutobala, pamene mzere wa pa mjigo unali wautali, amai a kwathu anatula ndowa pansi nati: "Abambo, ine ndizithyoka khosi ndi madzi kuti inu muzithirira chinthu chosabala ngakhale ndiwo za tsiku limodzi?" Tinasowa poyankha, pakuti ananena zoona.

Manyazi amenewo ndiwo anatituma kukafunsa kwa odziwa ndi kuwerenga za kwao kwa duwali. Kwao ndi ku America wa pakati ndi wa kumwera, kuyambira ku Costa Rica kufikira ku Argentina. Mngelezi wina, William Swainson, anali kusonkhanitsa zomera ndi tizirombo ku Pernambuco, m'dziko la Brazil, natumiza zina kwao. Ndipo chimodzi cha izo chinachita maluwa m'chaka cha 1818 kwa William Cattley, wa ku Barnet, pafupi ndi London. M'chaka cha 1824 katswiri wa zomera John Lindley anachitcha Cattleya labiata, kulemekeza mwini munda uja. Ife amene tinalawako Chilatini paunyamata wathu tinakondwera kuzindikira kuti labiata achokera ku mau onena mlomo, chifukwa duwali liri ndi tsamba limodzi lotambasuka kutsogolo ngati mlomo. Chodabwitsa nchakuti malo enieni amene Swainson anachipeza anaiwalika, ndipo azungu anachifunafuna zaka zokwana 70, kufikira chinapezekanso ku Pernambuco komweko m'chaka cha 1889. Abale ake a duwali alemekezeka kwao: dziko la Colombia linasankha Cattleya trianae kukhala duwa la dziko m'chaka cha 1936, ndipo Venezuela anasankha Cattleya mossiae m'chaka cha 1951.

Koma mau amene anatilasa ndi awa: kwaoko Cattleya samera m'nthaka. Amera pamwamba pa nthambi za mitengo, kapena pa matanthwe, mizu yake iri pa mphepo. Sayamwa mtengo monga zichitira zomera zija za ulimbo. Angokhalapo monga mbalame ikhala pa nthambi. Muzu wake uli ndi khungu loyera lofewa limene limwa msanga madzi a mvula ndi a nkhungu, ndipo mvula ikapita muzuwo ufuna kuuma ndi kupuma. Timatsinde tonenepa tija ndito nkhokwe zake, m'mene asungamo madzi a pa chilimwe. Chotero ife tinali titamiza chomera chathu. Mizu inaola m'matope, nichilephera kumwa. Ndipo makwinya amene tinawayesa ludzu anali ludzu ndithu, koma ludzu la munthu wotsekedwa pakamwa ali pakati pa mtsinje.

Pochizula tinapeza mizu yonse yakuda ndi yonunkha, ndipo mwa timatsinde 9 tinatsala 4 tokha tamoyo, ndi kadiso kamodzi kobiriwira patsinde pa kotsiriza. Tinaotcha mpeni pa moto, nitidula zoola zonse. Tinabwerera kwa mphika wobenthuka uja, umene mwamwai amai anali atasungiramo phulusa, nitiuboola mabowo ena m'mbali. Pansi tinaika zibenthu za njerwa, pamwamba makala otsuka ndi makungwa a paini aakulu ngati chala chachikulu. Tsinde logona lija, limene timatsinde tonse timerapo, tinaligoneka pamwamba osalikwirira, mbali yakale kukhoma la mphika, kadiso kuloza pakati, ndi kulimanga ku kamtengo kuti lisagwedezeke. Pakuti muzu watsopano ukakhuzika nsonga yake uleka kukula.

Za kuthirira taphunzira lamulo lalifupi: thirani kwambiri kufikira madzi atulukire pansi, ndipo mulekeretu kufikira makungwa aume. Pa mwamvu kwa ife kuli kawiri pa mlungu, pa chisanu kamodzi kapena kuchepera apo, ndipo nthawi zonse m'mawa, kuti usiku uchipeze chouma. Madzi a mvula aposa a pa mjigo, amene asiya mchere woyera pa mphika. Amai atamva kuti chomeracho chifuna madzi osakwana chikho cha mwana, mtima wao unatsika. Feteleza timsungunula mochepa kwambiri, gawo limodzi mwa magawo 4 a muyeso wolembedwa, ndipo timthira pokhapokha mphukira iri kukula.

Chomera chinachira, nichitulutsa mphukira m'chaka cha 2019 ndi inanso m'chaka cha 2020, masamba ake obiriwira bii, okongola ndithu. Koma duwa iai. Apa panali kulakwa kwathu kwachiwiri, ndipo kunatitengera nthawi yaitali kukuzindikira, chifukwa chomera chooneka chathanzi sichimdandaulitsa munthu. Tsamba la Cattleya likabiriwira kwambiri ngati la mango lokhwima, ndiye kuti kuwala kwachepa, ndipo sadzachita maluwa. Lifunika kukhala lobiriwira motuwirako, ngati tsamba la nthochi longotambasuka kumene. Tinachisamutsira pa khonde la kum'mawa, pamene dzuwa lifika kuyambira kutuluka kufikira 10 koloko, ndi kuchizoloweza pang'onopang'ono. Ngakhale tero tsamba limodzi linapsa, ndipo chipsera chake chiripo mpaka lero. Usiku wozizirirako, wa madigiri 13 kufikira 16, auyanja. Koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chisanu chikalimba kuno ku mapiri, timlowetsa m'nyumba madzulo.

Adani ake sachuluka, koma ngochenjera. Tizirombo toyera tonga kodikodi wa chinangwa tibisala pansi pa makoko ouma a timatsinde. Tisenda makokowo ndi kupukuta ndi kansalu koviika m'madzi a sopo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ife tinadekha usiku ndi nyali m'manja, nitiiona nkhonoyo maso ndi nyanga zomwe, iri kudya nsonga za mizu yathu.

M'mwezi wa Januwale 2021 panatuluka kachikwama kobiriwira pamwamba pa mphukira yatsopano, ndipo pokayang'anitsa pa dzuwa tinaona kachikwama kena m'kati mwake, monga achitira labiata. Tinadikira milungu yambiri, kachikwama kali chete. Pa chiyambi cha Epulo kanang'ambika, ndipo munatuluka maluwa atatu, liri lonse lalikulu ngati chikhato cha munthu wamkulu, ofiirira motuwa, mlomo wake wofiira kwambiri ndi wopotanapotana m'mbali, kukhosi kwake kwachikasu, ndi fungo lokoma m'mawa. Anakhala milungu itatu. Amai a kwathu, amene aja a pa mjigo, ndiwo anayamba kuitana anzao kuti adzaone.

Pamenepo panabuka mlandu wina. Ali yense anafuna kachidutswa: alamu athu, a mfumu, ndi amai ena amene anapempha mbeu. Za mbeu tinawauza kuti nzosatheka pamudzi. Mbeu za maluwa a mtundu uwu ziri ngati fumbi, ziribe kamba m'kati mwao monga chimanga kapena nyemba, ndipo m'thengo zimera pokhapokha zikakomana ndi nkhungu ina ya mtundu wa bowa yozidyetsa. M'chaka cha 1922 Lewis Knudson wa ku America anapeza njira yozimeretsa m'mabotolo otsekedwa, pa chakudya cha shuga. Koma ngakhale tero mmera utenga zaka 5 kufikira 7 usanachite duwa. Njira ya pamudzi ndi kugawa tsinde, ndipo chigawo chiri chonse chifunika timatsinde 3 kapena 4. Mukadula kamodzikamodzi kuti mukondweretse onse, mupha mai ndi ana omwe. Mpeni uyenera kupita pa moto musanadule, pakuti pali nthenda zosachizika zoyenda ndi madzi a chomera. Tinakana onse, ndipo alamu athu sanatilankhule bwino mwezi wathunthu.

M'chaka cha 2023, timatsinde titakwana 10 ndi kuyamba kudumpha mlomo wa mphika, anafika pakhomo mwana wamkazi wa aphunzitsi aja, atamva mbiri kwa anthu. Anaima pa khonde nthawi yaitali osanena kanthu, napempha motsitsa mau ngati angatengeko. Tinadikira kufikira mizu yatsopano itayamba kutuluka, nitimdulira timatsinde 4 ta kutsogolo, tamphamvu, ife nitisunga takale. Tinamuikira m'mphika wa makala ndi makungwa, ndi kumuuza mau a atate ake monga tinawamva. Patapita milungu iwiri anatiimbira lamya, nati: "Achimwene, mizu ija iri pamtunda, ikundimvetsa chisoni, kodi ndisathireko dothi pang'ono?"