Dzina la pa Lewanika Mall

Tikakumana pa Lewanika Mall ku Woodlands, sitiganizako za mwini dzinalo. Mu 1890 Frank Lochner, wotumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, anasainitsa Litunga Lewanika pepala. Mfumuyo inkaganiza kuti ikupangana ndi Mfumukazi Victoria za chitetezo, koma ufulu wokumba migodi unapita kwa kampaniyo. Kazembe wa Russia, Eduard de Stoeckl, pogulitsa Alaska kwa America mu 1867 pa madola 7.2 miliyoni, ankadziwa chomwe akupereka. Manje ndife amene makolo amatiitana kuti tiwawerengere mapepala a plot ya banja. Maso athu amathamangira pa ndalama chabe, mizere inayo timalumpha. Iwo amasaina chifukwa amatikhulupirira.