Kalata kwa mwana wanga amene akukagwira sikelo ku Nyimba

Petauke, mwezi wa Meyi

Mwana wanga wokondedwa,

Usiku uno pabwalo padzadza anthu odzatsanzikana nawe, ndipo mawu olankhulidwa pakati pa phokoso sakhalitsa m'mutu. N'chifukwa chake ndakulembera. Ukawerenge modekha ukakhazikika.

Tikuthokoza Mulungu kuti wapeza ntchito ya ukalaliki pa depoti yogula mbewu, pamene anzako ambiri amene unamaliza nawo Giredi 12 akungozungulira pa boma ndi makalata m'manja. Koma ndisakubisire, ntchito imeneyi ndimaiopa, chifukwa moyo wanga wonse ndaima mbali inayo ya sikelo. Chaka china, iwe ukadali kumsana, amayi ako ndi ine tinakweza matumba a nshawa pangolo kupita nawo kwa wogula wina. Amayi ako anali ataswa nshawazo ndi zala mpaka zikhadabo kuthetheka. Wogulayo anatembenuza sikelo kuti iyang'ane kwa iye, n'kuchotsa makilo awiri pathumba lililonse, akuti a saka ndi chinyezi, chikhalirecho nshawazo zinali zouma gwaa. Tinalandira ndalamazo chifukwa ng'ombe zinali zitatopa ndipo kunyumba kunalibe mchere. Patapita masabata, tinapita kumaliro mudzi wina, ndipo amene ankatsogolera nyimbo ndi mawu okoma anali munthu yemweyo. Amayi ako sanathe kuimba tsiku limenelo. Anangokhala chete, maso pansi, mpaka tinabwerera.

Ndiye ukadziwe kuti alimi a ku Nyimba akaona Chikhristu chako pasikelo asanakuone m'tchalitchi. Sikelo iziyang'ana kwa mwini mbewu. Asanakoloweke thumba, umuonetse kuti muvi uli pa ziro. Nambala uziitchula mokweza, m'Chinsenga ngati ndi chimene akumva bwino, chifukwa agogo ambiri amene adzabwera ndi chimanga pamutu sadziwa kuwerenga, ndipo adzangokhulupirira pakamwa pako. Lisiti ulembe thumba lisanachotsedwe pamaso pake. Ngati mbewu ili ndi chinyezi kapena zinyalala, umuuze poyera, akayanike, akapete, abwerenso. Usamdule mwakachetechete. Amene amagula ndi meda yofutukuka m'mbali, n'kuunjika mpaka kutayikira, uwatalikire ngakhale azikugulira chakumwa.

Zimenezi sindikupeka ine. Ukatsegule Levitiko 19, Miyambo 11 ndi Amosi 8, ukaone mmene Mulungu amaipidwira ndi miyeso yonyenga. Pa Luka 3, okhometsa msonkho atafunsa Yohane Mbatizi chochita, sanawauze kuti asiye ntchito. Anawauza kuti asamalandire zopyola zimene anawalamula. Pa 29 Disembala 1991, Pulezidenti Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko. Ndinakondwera nawo, koma kuyambira tsiku limenelo sindinaonepo chilengezo chikubwezera mlimi kilo imene waberedwa. Wobweza ndi kalaliki amene waima pamenepo, ndipo chaka chino ndiwe.

Mwina tsiku lina wamkulu wako adzakuitanira pambali n'kukuuza kuti umu ndi mmene timachitira kuno. Usakweze mawu, usamulalikire. Umuuze mwaulemu kuti sungathe. Lamulo la dziko lili kumbali yako, pakuti a Zambia Metrology Agency ndiwo amayendera ndi kutsimikizira masikelo amalonda. Akakuchotsa ntchito pa chifukwa chimenecho, ubwere kunyumba mutu uli m'mwamba. Munda ulipo, khasu lilipo, ndipo ine ndidzakuchingamira kumsewu.

Koma yesero lopweteka lidzachokera kwa a kwathu omwe. Achibale a amayi ako ali konsekonse, kuyambira kwa Ndake mpaka kwa Nyalugwe. Adzabwera amalume ako ena, n'kukunong'oneza kuti uwonjezereko pang'ono palisiti, poti ndiwe mwana wathu. Kukana mkulu n'kovuta kwa mwana wolereka ngati iwe, ndikudziwa. Komabe kubera abwana ako kuti usangalatse wachibale ndi kuba ndithu. Uwalandire bwino, uwagwadire monga mwa mwambo, uwaphikire tiyi, ndipo ngati avutika uwapatse za m'thumba mwako. Akadandaula, uwauze kuti adzandione ine.

Ndalama za kampani usabwerekeko ngakhale K20, ngakhale utatsimikiza kuti mawa ubweza. Ambiri amene anagona m'chitokosi cha polisi anayamba ndi mawu omwewo. Kaloba usayandikire, ndiponso juga ya mpira ya pafoni yadya malipiro a anyamata ambiri kuno ku Petauke. Ngati ufuna kusunga, lowa chilimba ndi anthu amene ukuwadziwa makomo awo. Chakhumi uzipatula tsiku lolandira, osati ndalama zitatsala za sopo.

Ukumbukenso chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hichilema anachitcha tsoka la dziko pa 29 Febuluwale. Unaona wekha anthu akugulitsa mbuzi ndi njinga pamtengo wolira nawo, ena n'kulemererapo. Amayi ako ankapungula ufa wathu wochepawo kupatsa mayi wamasiye wa pafupi nafe, osauza munthu, ndipo iwe ndiwe unkanyamula kambaleko kukada. Ukaona mlimi akufuna kugulitsa chimanga chonse chifukwa cha ndalama za lero, umufunse ngati wasiya chokwanira kufika Malichi. Abwana ako sadzasauka ndi thumba limodzi, koma ana a munthuyo adzadya.

Kalata yako yosamukira abusa alemba kale, ili m'chikwama pamodzi ndi Buku Lopatulika. Ukaipereke ku mpingo wa kumeneko Lamulungu loyamba, usadikire kuti uzolowere kaye. Sukupita kuchilendo. Mpingo wathu wa Reformed Church in Zambia unayambira ku Magwero mu 1899, ndipo mishoni ya Hofmeyr ya m'boma la Nyimba inakhazikitsidwa mu 1914, isanabadwe mishoni yathu ya Merwe kuno. Anthu a kumeneko anatitsogolera m'chikhulupiriro, ukaphunzire kwa iwo. M'nyengo yogula mbewu malole amafika tsiku lililonse, choncho ukapemphe msanga, ntchito isanachuluke, kuti Lamulungu m'mawa uzimasuka. Akatolika, a Seventh Day, a Pentekosite ndi Asilamu amene ukagwire nawo ntchito uwalemekeze. Pamene agogo ako anadwala, amene anawasamalira ku chipatala cha Minga anali Akatolika, ndipo sanatifunse za mpingo wathu.

Tsopano za nyumba yako. Nyimba ili pa msewu waukulu wa Great East Road, pamene mabasi ndi malole amaima usana ndi usiku, ndipo mnyamata wolandira malipiro amadziwika msanga. Atsikana amene amathamangira mabasi ndi nthochi pamutu ndi ana a anthu, akufuna ndalama ya nsapato za kusukulu monga mlongo wako. Uwaone choncho. Ukapeza amene mtima wako wamukonda, usamubise m'chipinda cha lendi. Uuze amalume ako enieni, ankhoswe ayende, akwawo atidziwe. Ndipo usanaganize zokwatira, udzifunse ngati ungatunge madzi ndi kuphika mkazi wako akadwala, ngati ungamuonetse ndalama zonse zimene walandira, ngati ungakwiye osakweza dzanja. Kunyumba kuno sunaonepo dzanja langa pa amayi ako, ndipo sindifuna kudzamva kuti lako lagwera mwana wa mwini.

Sitikukutuma kuti ukatidyetse. Boma linachotsa malipiro a sukulu mu 2022, koma yunifolomu ndi makope a mlongo wako zikadali pamutu pathu. Ukathandizako pamenepo, wachita zokwanira. Chimene amayi ako akufuna ndi mawu ako. Usiku uno akusekerera alendo, koma dzulo ndinawapeza akupinda malaya ako misozi ili m'maso. Uziwaimbira foni Lamulungu lililonse madzulo, ngakhale ulibe nkhani. Mu Okutobala, ntchito ikachepa, upemphe masiku ubwere ku mwambo wa Tuwimba kwa mfumu Kalindawalo, tidzakuone ndi maso.

Ambuye akusunge, mwana wanga.

Ndine atate ako.