Lundazi ndi Vinyo wa Maiko Ozizira

Kuchokera ku Chipata kulowera kumpoto, timayenda makilomita pafupifupi 180 kuti tifike pa boma la Lundazi. M'mbali mwa msewu timaona minda ya chimanga, thonje, fodya ndi mtedza, koma munda wa mphesa zofinya vinyo sitiuona. Komabe pa guwa la tchalitchi chilichonse cha kuno, wansembe sangapereke Nsembe ya Misa popanda vinyo. Lamulo la Eklezia, Kanoni 924, limafuna vinyo weniweni wa mphesa, wosasasa. Thobwa kapena madzi a masau sangalowe m'malo mwake.

Mwina ena angafunse kuti, kodi ku Lundazi sikuzizira? Kumazizira ndithu, makamaka mu June ndi July, pamene mphepo ya mwera imatisonkhanitsa pamoto. Koma nyengo yozizira ndiyo nthawi imene mpesa umagona. Zipatso zake zimapsa m'miyezi yofunda, ndipo kwathu kuno miyezi imeneyo ndi ya dzinja, pamene mvula yambiri imaoletsa mphesa zisanakhwime bwino.

Kumaiko kumene chilimwe chimakhala chofatsa, mphesa zimapsa pang'onopang'ono. Shuga sachuluka kwambiri, choncho vinyo wake sakhala waukali. Amasunga kuwawasa kotsitsimutsa, kotikumbutsa bwemba wothira shuga pang'ono. Mtundu wake ndi wofiira mopyapyala, moti kuwala kumapyola m'tambula. Akakhalitsa, fungo lake limafanana ndi la bowa kapena la dothi limene langolandira mvula yoyamba. Vinyo wa kotentha ndi wosiyana: wakuda bii, wolemera m'kamwa ndi wamphamvu.

Mpesa wotchuka wa kozizira ndi Pinot Noir, ndipo mbiri yake ndi yolumikizana ndi Eklezia. Amonke a ku Cîteaux, nyumba imene inakhazikitsidwa mu 1098 m'chigawo cha Burgundy ku France, ankausamala m'minda monga Clos de Vougeot. Kwa zaka mazana ambiri ankayang'anitsitsa mmene kachigawo kalikonse ka munda kamasinthira kukoma kwa vinyo. Ku South Africa, kumene vinyo woyamba anafinyidwa mu 1659, mpesa womwewu umalimidwa m'chigwa cha Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus, kumene mphepo ya kunyanja imaziziritsa minda.

Mlimi wa ku Lundazi sangadabwe nazo zimenezi. Iye amadziwa kuti mtedza wa chalimbana wa pa dothi lofiira sufanana ndi wa pa mchenga, ndiponso kuti chipatso chimaulula nthaka imene chinakuliramo. Pa mphatso za pa Misa ife timapereka chimanga, mtedza ndi nkhuku, pamene vinyo wa m'chikho amachokera kwa alimi a dziko lina. Sitiwadziwa, koma thukuta lawo limakumana ndi lathu pa guwa limodzi. Tiyeni tiziwakumbukira m'mapemphero athu, ndipo chakumwa chimene Ambuye anachisankha kuti chisanduke Magazi ao tisachinyoze ndi kuledzera.