Mabatire Otopa ku Zvishavane

Kombi yochokera ku Gweru itadutsa Shurugwi ndi kuyamba kutsetsereka m'makhotakhota a Boterekwa, mtsikana amene tinakhala naye mpando umodzi anafungatira chikwama chake ngati khanda. Munali laputopu. Anati amaphunzira pa Midlands State University, nthambi ya ku Zvishavane, ndipo ntchito yake yonse ya chaka chomaliza ili m'menemo. Nkhawa yake inali yomveka. Mu hard disk yachikale muli kambale kozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndipo kasingano kowerenga kamayandama pamwamba pake popanda kukhudza. Laputopu ikagwa ili yoyaka, kasinganoko kamakanda mbale, zolemba n'kupita.

Tinatsikira ku Mandava dzuwa lili paliwombo. Zvishavane, imene mpaka 1982 inkatchedwa Shabani, inamangidwa ndi asibesitosi, ndipo milu yotuwa ya zotsalira za mgodi wa Shabanie ikuonekabe ngati mapiri osamera udzu. Mgodiwo unagona. Ndalama za masiku ano zikuchokera ku platinum ya ku Mimosa, kwa okumba golide ang'onoang'ono, ndi kwa ophunzira amene adzaza nyumba zomwe kale munkakhala anthu a mumgodi.

Ndinamutsatira mtsikanayo mpaka pa kashopu kena kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa matchaja. Mmisiri wake, mnyamata wa zaka za m'ma 30, anali atazunguliridwa ndi malaputopu a HP, Dell ndi Lenovo, onse akaunjika, otchedwa "ex-UK". Ananditcha mudhara, ine ndinamutcha achimwene, tinamvana. Anati vuto limene limabweretsa anthu ambiri pakhomo pake ndi batire. Laputopu imafika m'dziko muno itagwira kale ntchito zaka zingapo mu ofesi ya kutsidya kwa nyanja, batire yake itatopa, ndiye magetsi akathima imazima tiyi asanazizire. Ndipo kuno magetsi amathimadi. Mu 2019 anthu ankakhala mpaka maola 18 patsiku opanda magetsi, ndipo mu November 2022 madzi a ku Kariba anatsika mpaka makina a mbali ya Zimbabwe analamulidwa kuima.

Apa ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa manja a mnyamatayu ndinawasirira. Anang'amba batire ya laputopu yakale ndi kutulutsamo timabatire sikisi tozungulira, totchedwa 18650 chifukwa m'lifupi mwake ndi mamilimita 18, m'litali 65. Kalikonse anakayeza pa mita. Anandionetsa kuti kawirikawiri kamafa ndi kamodzi kapena tiwiri, koma tikafa timapha batire yonse. Tamoyo anatiika m'chitini, kuti apangire ma power bank ndi nyale zimene okumba golide amagula. Malaputopu atsopano opyapyala, anatero, ali ndi batire yafulati yomatidwa mkati. Imeneyo ikatupa imakankha keyboard m'mwamba, ndipo iye saiboola ngakhale pang'ono, poti imayaka moto wovuta kuzimitsa. Mmisiriyo anamulangiza mtsikana uja kuchotsa hard disk ndi kuikamo SSD, yopanda chozungulira chilichonse, yosaopa mabampu, yosadya batire kwambiri. Mtengo anautchula mu madola a ku America. Mtsikanayo anawerengera pa zala, n'kungogula fulashi yosungiramo kope lachiwiri la ntchito yake.

Chimene chinandiwawa n'chakuti mbale ya hard disk imene inali pa tebulopo imakutidwa ndi msanganizo wa cobalt, chrome ndi platinum. Chrome imakumbidwa ku Shurugwi, kumene tinadutsa m'mawa. Platinum ili ku Unki ndi ku Mimosa, pa mtsetse wa miyala wa Great Dyke. Lithium ya m'mabatire ili ku Sandawana, m'boma la Mberengwa loyandikana ndi Zvishavane, kumene mu 2022 anthu anakhamukira ndi mapiki ndi matumba. Mu December chaka chomwecho boma linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayengedwa. Komabe yambiri imakathera ku China, ndipo mwana wa kuno amalembera mayeso pa batire imene wina anaitaya.

Madzulo ndinalowera ku Maglas, komboni yakale ya mgodi, kumene Chichewa chikumvekabe pakati pa Chishona. Amalawi ambiri anafika m'migodi ya kuno m'nthawi ya Rhodesia, ena wapansi, ena pa magalimoto a bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ndipo eni dziko anawatcha Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre. Gogo wina wamwamuna, amene bambo ake anachokera ku Ntcheu, anandikhazika pa khonde.

"Mwana wanga, kumudzi mvula yayamba?" anandifunsa.

"Sinayambe, agogo."

Anaitana mdzukulu wawo kuti abweretse "makina aja". Inali Dell yakale yong'aluka pakona, yomangidwa ndi tepi, ndipo batire yake inali yokonzedwa ndi timabatire totoleredwa ngati tija ndinaona masana. M'menemo mdzukuluyo wakhala akusunga mawu a agogo ake: mayina a makolo, mudzi, mfumu, njira imene bambo awo anayenda kudzera ku Tete, ndi kanema wa gule wamkulu wovinidwa pa maliro a mnzawo wa mumgodi. Ndinamufunsa ngati ali ndi kope lina. Anati ayi, zonse zili pa hard disk imodzi yomweyo. Ndinatulutsa fulashi yanga m'thumba, ndinafufutamo zanga, tinayamba kukopera.

Magetsi anali atathima kuyambira masana, ndipo batire inkaonetsa 31 peresenti. Mdzukuluyo anachepetsa kuwala kwa sikirini, anazimitsa Wi-Fi, tonse atatu tinakhala chete kuyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa. Kanafika kumapeto batire ili pa 6. Agogo anatenga fulashiyo, anaikulunga mu mpango, n'kupita nayo m'nyumba kukaiika mu sutikesi momwe amasungamo chitupa cha bambo awo.